Laputopu ikamawotcha: za heat sink, thermal paste ndi fumbi la ku Joni

Mwa madandaulo amene amafika pa tebulo la okonza makompyuta ku Yeoville, ku Hillbrow kapena m'timashopu ta mu Small Street, pali limodzi losatha: laputopu ikuwotcha, fani ikulira osapuma, ukangotsegula Zoom kapena kanema wa pa YouTube zonse zimayamba kukwawa, mwinanso n'kuzima yokha. Mwini wake amafika atadziwiratu mankhwala. "Achimwene, ingondisinthirani paste, anzanga akuti ndi imeneyo." Nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma kawirikawiri paste, phala lija lopakidwa pakati pa purosesa ndi choziziritsa chake, imakhala mbali yaing'ono ya vutolo, ndipo kuti munthu adziwe pamene ndalama yake iyenera kupita, afunika kutsata njira yonse imene kutentha kumadutsa, kuchokera mkati mwa purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, mpaka kufika mumpweya wa m'chipinda.

Purosesa yeniyeniyo ndi kachidutswa ka silikoni kosaposa masentimita atatu m'litali, ndipo mkati mwake muli matransisita mabiliyoni. Katransisita kalikonse ndi kaswichi koyaka ndi kuzima kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo ulendo uliwonse kamadya timagetsi pang'ono. Magetsi onse amene purosesa yadya amasanduka kutentha, alibe kwina kopita. Choncho mukaona palembedwa 65 W (mawati 65), monga zimakhalira pa ma Core i5 ambiri a desikitopu kapena pa Ryzen 5 5600, dziwani kuti ndiko kutentha kumene choziziritsa chiyenera kumachotsa purosesa ikakhala pa ntchito yolemera. Nambalayi imatchedwa TDP, ndipo si malire enieni. Core i9-13900K inalembedwa 125 W, koma Intel yomweyo imanena kuti ikathamanga mothera imafika 253 W. Malaputopu opyapyala ambiri amasewera pakati pa 15 W ndi 28 W, pamene a masewera amayambira pa 45 W kupita m'mwamba.

Mawati 65 akumveka ochepa mpaka utaganizira kuchepa kwa malo amene akutulukira. Mbale yaikulu ya sitovu yamagetsi imene ambiri timaphikira m'zipinda za lendi imatulutsa mawati pafupifupi 1,500 pa chitsulo chotambalala masentimita 18. Mukagawa, ndi mawati 6 pa sikweya sentimita iliyonse. Purosesa yotulutsa mawati 65 pa silikoni wa sikweya sentimita imodzi ndi theka ikuposa mawati 40 pa malo ofananawo, ndiye kuti kasanu n'kawiri kuposa mbale yophikira nsima. Komatu mbale ya sitovu imaloledwa kufiira, pamene silikoni sayenera kupitirira madigiri 100.

Kale sizinali chonchi. Intel 8086 ya mu 1978 inkagwira ntchito ili pamtunda popanda choziziritsa chilichonse, chimodzimodzinso ma 386 ambiri. Ma 486 othamanga a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi amene anayamba kuvekedwa kachitsulo koziziritsa pamwamba, kotchedwa heat sink, ndipo Pentium itabwera mu 1993 kachitsuloko kanakhala kofunika kwenikweni, kenako n'kuwonjezeredwa fani. Zinafika pachimake mu 2004 ndi Pentium 4 ya mtundu wa Prescott, imene ina inkaposa mawati 100. Chaka chomwecho Intel inasiya kupanga purosesa yotsatira yotchedwa Tejas, ndipo makampani anatembenukira ku njira yoika ma core, omwe ali ngati timapurosesa ting'onoting'ono, awiri kapena kuposa m'purosesa imodzi m'malo mongokweza liwiro. Ma core anayi, asanu ndi atatu kapena khumi amene timawatchula pogula kompyuta lero anabwera chifukwa kutentha kunatseka njira inayo.

Ma Athlon a AMD a cha m'ma 2000 ankapsa m'masekondi ochepa ukawachotsa choziziritsa akugwira ntchito. Mapurosesa a lero amadziteteza. Ali ndi zoyezera kutentha mkati, ndipo akayandikira malire, omwe ndi madigiri 100 pa ma Intel ambiri ndi 95 pa ma Ryzen 7000, amadzichepetsa okha liwiro ndi magetsi. Akatswiri amati throttling. Zikalephereka ndi pamene kompyuta imazima yokha. Choncho kukwawa kumene mwini laputopu akudandaula ndi purosesa imene ikudzipulumutsa, ndipo kaŵirikaŵiri imakhala ikadali yabwinobwino.

Pamene zitsulo ziwiri zikumana

Pa desikitopu, silikoni simumuona. Amavindikiridwa ndi kachivindikiro ka mkuwa kokutidwa ndi nickel, kotchedwa IHS, kamene pamalembedwa dzina la purosesa. Ntchito yake ndi kuteteza silikoni, yemwe sachedwa kusweka, ndi kumwaza kutentha pa malo okulirapo. Pakati pa silikoni ndi kachivindikiroka palinso cholumikizira china chimene wogula sachiona. Mu 2012, pa mapurosesa a Ivy Bridge, Intel inasiya kulumikiza ziwirizi ndi solder, chitsulo chosungunula chomatira, n'kuyamba kuikapo paste, ndipo okonda kuthamangitsa makina awo anadandaula kwambiri mpaka ena ankadzichotsera okha kachivindikiroko. Solder inabwereranso mu 2018 pa mapurosesa apamwamba a m'badwo wachisanu ndi chinayi. Pa laputopu palibe chivindikiro: choziziritsa chimakhala pa silikoni mwachindunji, n'chifukwa chake zolakwika zazing'ono zimaonekera msanga pamenepo.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Pamwamba pa purosesa ndi pansi pa heat sink pamaoneka posalala ngakhalenso ponyezimira, koma mutayang'ana ndi makina okulitsa zinthu mungaone timapiri ndi timaenje. Zitsulo ziwirizi mukazigundanitsa zimakhudzana pa nsonga za timapiri pokha, ndipo malo otsalawo mumakhala mpweya. Mpweya wongokhala ndi chimodzi mwa zinthu zokanika kwambiri kudutsitsa kutentha. Muyeso wa kudutsitsa kutenthaku amaulemba W/mK, nambala ikakula ndiye kuti chinthucho chimadutsitsa bwino, ndipo manambala ake ndi awa: mkuwa pafupifupi 400, aluminiyamu wopangira ma heat sink pafupifupi 200, mpweya 0.026. Thermal paste wamba ali pakati pa 1 ndi 10.

Taonani bwino manambalawo. Paste imaposa mpweya ka 100 kapena ka 200, koma poyerekeza ndi mkuwa ndi yofooka zedi. Siiziziritsa kanthu. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kulowa m'timaenje tija n'kuthamangitsamo mpweya. Paliponse pamene zitsulo zikanakhudzana zokha, paste ikungotchinga njira.

Masamu ake ndi osavuta. Titenge purosesa ya mawati 65 yokhala ndi chivindikiro cha masentimita atatu mbali zonse. Pakati pake ndi heat sink patakhala mpata wa mpweya wokhawokha wa mamilimita 0.05, kutentha kungafunike kusiyana ndi madigiri oposa 130 kuti kuwoloke kampata kameneko. Zenizeni sizifika pamenepo poti zitsulo zimagundana apa ndi apo, koma chithunzi chake n'chimenecho. Mpata womwewo mukaudzaza ndi paste ya 5 W/mK, mumataya digiri yosakwana imodzi. Mukaunjika paste yomweyo n'kukhala theka la milimita, mwataya madigiri 7. Pa laputopu, pamene mawati 30 akutulukira pa silikoni wa sikweya sentimita imodzi ndi theka, paste yokhuthala mamilimita 0.3 imadya madigiri 12. Choncho chimene chimalamulira ndi kupyapyala kwa paste, ndipo kupyapyalako kumabwera ndi mphamvu imene heat sink yafinya nayo purosesa. Sikuluwu imodzi yosamangika bwino imawononga zambiri kuposa zimene paste yodula ingabweze.

Mkati mwa kachubu kaja mulibe zodabwitsa. Ndi mafuta, kawirikawiri a silicone, osakanizidwa ndi ufa wosalala kwambiri wa zinthu monga zinc oxide, aluminium oxide, boron nitride, nthawi zina siliva kapena kaboni. Mafutawo amathandiza kuti iyenderere m'timaenje, ufawo ndi umene umanyamula kutentha. Mayina odziwika ndi monga Arctic MX-4, Noctua NT-H1 ndi Thermal Grizzly Kryonaut, ndipo pakati pa paste zabwino zoterezi kusiyana kumakhala madigiri ochepa chabe. Manambala akuluakulu a W/mK olembedwa pa timapaketi totsika mtengo ine sindiwapatsa ulemu, chifukwa kampani iliyonse imayeza m'njira yake, ndipo Noctua salemba n'komwe nambalayi pa paste yawo. Za kupaka mankhwala otsukira mano m'malo mwa paste zimene ena amalangizana, zimaoneka ngati zagwira tsiku loyamba poti muli madzi. Madziwo akauma ndi kutentha pamatsala ufa wouma ndi mpweya.

Heat sink ndi mapaipi ake

Kutentha kukawoloka paste kumalowa mu heat sink, yomwe ntchito yake ndi kukulitsa malo okumanirana ndi mpweya. N'chifukwa chake imakhala ndi timalata topyapyala tambirimbiri toima moyandikana. Timalatati nthawi zambiri ndi ta aluminiyamu, wopepuka komanso wotsika mtengo, pamene tsinde logunda purosesa pa zoziziritsa zabwino limakhala la mkuwa.

Chosangalatsa kwambiri pa zonsezi ndi mapaipi a mkuwa aja amene mumaona mukatsegula laputopu, opindika kuchokera pa purosesa kupita kumene kuli fani. Ambiri amayesa ndi mkuwa wokhawokha. Mkati mwake ndi mwa mphako, anachotsamo mpweya, n'kuikamo timadzi pang'ono, n'kutseka. Popeza mulibe mpweya wopanikiza, madziwo amawira pa kutentha kochepa kwambiri kuposa madigiri 100. Kumbali ya purosesa amasanduka nthunzi, nthunziyo imathamangira kumbali yozizira kumene kuli timalata, imasiya kutentha kwake n'kukhalanso madzi, ndipo madziwo amabwerera kudzera mu ufa wa mkuwa womatidwa m'makoma a paipiyo, umene umawayamwa ngakhale paipi itagona cham'mbali. Zimazungulira choncho popanda pampu kapena magetsi, ndipo zimanyamula kutentha kuposa ndodo ya mkuwa yofanana kukula. Heat pipe ya masiku ano inapangidwa ndi George Grover ku Los Alamos, m'dziko la America, mu 1963, ndipo poyamba inkaganiziridwa za makina a m'mlengalenga. Zoziziritsa za desikitopu monga Cooler Master Hyper 212, ya mapaipi anayi, kapena Noctua NH-D15, ya mapaipi asanu ndi limodzi, zimadalira nzeru yomweyi.

Paipi imeneyi ikabooka kapena kupindidwa mwankhanza, yatha ntchito, ndipo palibe paste ingathandize. Chizindikiro chake n'chakuti purosesa ikuwotcha, fani ikuzungulira bwino, timalata ndi toyera, koma mpweya wotuluka ndi wozizira. Zoziziritsa za madzi zija zotchedwa AIO sizisiyana kwenikweni: pampu imakankha madzi kupita ku radiator, ndipo kumeneko kutentha kumaperekedwabe ku mpweya kudzera m'timalata ndi mafani.

Mpweya wa ku Joni

Zonse zimathera mumpweya, ndipo apa Johannesburg ali ndi zake. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ndi Blantyre ali pa mamita 1,000 ndi pang'ono. Mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi poyerekeza ndi wa ku Durban kapena ku Cape Town, n'chifukwa chakenso madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94. Fani ikazungulira imakankha mpweya wochuluka mofanana kulikonse, koma wa kuno ndi wochepa thupi, ndiye umanyamula kutentha kochepa. Kompyuta imodzimodziyo, m'chipinda chofunda mofanana, imatentha pang'ono kuposa mmene ikanachitira m'mphepete mwa nyanja. Si vuto lalikulu pa makina oyera, koma limachepetsa mpata wolakwitsa.

Kenako fumbi. Kuyambira May mpaka September mvula siigwa kwenikweni, mu August mphepo imawomba, ndipo okhala kufupi ndi milu ya dothi la m'migodi cha ku Soweto, Riverlea ndi Crown Mines amadziwa zimene imabweretsa. Onjezani ubweya wa mabulangeti a m'nyengo yozizira, utsi wa mafuta ophikira m'chipinda chimodzi chomwe ndi khitchini, chogona ndi ofesi, ndi tsitsi ngati laputopu imakhala mu saluni. Zonsezi fani imazikoka n'kuzipanikiza pakhomo pa timalata mpaka zitalukana kukhala kansalu kokhuthala. Kunja sikaoneka, chifukwa kamakhala pakati pa fani ndi timalata. Fani imalira mokweza koma mpweya wotuluka ndi wochepa. Pa malaputopu akale amene amagulitsidwa atakonzedwanso, ma ThinkPad, ma EliteBook ndi ma Latitude omwe anatumikirapo kale m'maofesi zaka zingapo, apa ndi poyamba kuyang'ana. Ndimaona kuti paste imalandira ulemu umene siinaugwirire ntchito: wokonza akatsegula kuti asinthe paste amachotsanso kansalu ka fumbi kaja, makina n'kuzizira, ndipo kasitomala amapita akutamanda paste.

Kufunda kwa chipinda nakonso kumalowa mu nambala mwachindunji. Heat sink siingazizire kuposa mpweya umene ikulandira, ndiye chipinda chikakwera ndi madigiri 10, purosesa nayo imakwera ndi pafupifupi 10. Masana a mu December m'nyumba ya malata ku Diepsloot kapena ku Alexandra ndi osiyana kutali ndi ofesi ya ku Sandton. Desikitopu yotsekeredwa m'kabati pamodzi ndi inverter ndi mabatire, monga ambiri anachitira mu 2023 pamene kuzimazima kwa magetsi a Eskom kunafika poipa, imangopuma mpweya wake womwe wotentha. Laputopu yoikidwa pa bulangeti kapena pa matiresi imatsekeka mabowo a pansi. Kungoiika pa thabwa n'kukweza kumbuyo kwake pang'ono kumathandiza popanda kulipira kalikonse.

Musanatsegule chilichonse, yezani. Mapulogalamu aulere monga HWiNFO kapena Core Temp amaonetsa kutentha kwa core iliyonse ndi liwiro lake. Kompyuta ikangokhala, madigiri 35 mpaka 55 ndi abwino. Pa ntchito yolemera, 80 kapena 90 pa laputopu yopyapyala si chachilendo, ndipo ma Ryzen 7000 anapangidwa dala kuti azikwera mpaka 95 akamafunafuna liwiro. Chodetsa nkhawa ndi kugunda malire pa ntchito yopepuka liwiro n'kugwa. Nambala ikamalumpha kuchoka pa 50 kufika pa 100 m'masekondi awiri kapena atatu, ganizirani paste youma kapena heat sink yosamangika. Ikamakwera pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo osatsika, ganizirani fumbi, fani kapena chipinda. Ndipo ngati liwiro lakakamira pansi, monga pa 0.4 kapena 0.8 GHz, koma kutentha kuli pa 50, vuto si kutentha. Malaputopu ena amadzichepetsa dala akapatsidwa chaja yosakhala yake kapena batire likafa.

Kusintha paste

Zikatsimikizika kuti paste yauma, ntchito yake si yovuta koma imafuna kudekha. Zimitsani, zulani chaja, ndipo pa laputopu masulani waya wa batire musanakhudze china. Mpweya wouma wa m'nyengo yozizira kuno umachititsa thupi kusunga magetsi aja amene amakulasani mukagwira chitseko cha galimoto, choncho gwirani chitsulo china kaye musanagwire motherboard, bolodi lalikulu lija pamene pamakhala purosesa ndi zipangizo zina. Paste yakale ichotsedwe mbali zonse ziwiri ndi kansalu kosasiya ulusi konyowetsedwa ndi isopropyl alcohol ya 90 peresenti kapena kuposa. Sipiriti wofiirira uja wa m'masitolo ali ndi utoto umene umatsalira. Musapale ndi mpeni kapena sikuludiraiva. Pochotsa fumbi gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopyola muyeso, ndipo pewani mpweya wopopera matayala wa pa filling station, umene umakhala wamphamvu kwambiri ndipo nthawi zina umabwera ndi chinyezi.

Pa purosesa ya desikitopu ya chivindikiro, kadontho ka mamilimita anayi kapena asanu pakati n'kokwanira, ndipo heat sink imakamwaza yokha ikafinya. Mapurosesa ataliatali monga a LGA1700 amafuna kamzere kapena timadontho towonjezera cha m'makona. Pa laputopu ndi bwino kuyala paste mopyapyala pa silikoni yense, chifukwa kona yosiyidwa youma ingakhale pamene pali core. Paste ikachulukirapo pang'ono pa choziziritsa chofinya bwino imangotulukira m'mbali, ndipo mitundu yambiri siidutsitsa magetsi. Kuchepetsa mpaka malo ena kutsala ouma n'koopsa kuposa pamenepo. Masikuluwu mangani pang'onopang'ono modumphitsa makona, kapena motsatira manambala 1, 2, 3, 4 olembedwa pa heat sink ya laputopu. Mukainyamula mutaiika kale, pukutani muyambirenso.

Pali misampha itatu imene imagwetsa ngakhale odziwa. Heat sink yatsopano imabwera ndi kapulasitiki koonekera pansi pake, ndipo anthu amaiwala kukamatula. Pa ma Ryzen a soketi ya AM4, amene mapini ake ali pa purosesa, paste youma imagwira zolimba moti mukakoka heat sink mowongoka imazula purosesa n'kupinda mapini. Yatsani kompyuta kwa mphindi zingapo kuti ifunde, zimitsani, kenako potokolani pang'ono uku ndi uku musanakoke. Wachitatu ndi timapadi tofewa tokhala pa tizipangizo tozungulira purosesa kapena pa memory ya khadi ya zithunzi. Timeneti timatseka mpata waukulu, wa theka la milimita, milimita imodzi kapena kuposa, ndipo paste siingalowe m'malo mwake. Mukaikapo padi yokhuthala kuposa yoyenera, imanyamula heat sink yonse kuti isafike pa purosesa.

Paste yabwino pa desikitopu imakhala zaka zingapo, ndipo palibe chifukwa choisinthira chaka ndi chaka ngati manambala sanasinthe. Malaputopu ndi amene amavuta, chifukwa silikoni ndi mkuwa zimafutukuka mosiyana zikatentha. Kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumakankhira paste yofewa kunja pang'onopang'ono mpaka pakati patatsala pouma. N'chifukwa chake okonza ambiri tsopano amakonda paste yolimbirako pa malaputopu, kapena kapepala ka Honeywell PTM7950, kamene kamakhala kolimba kakazizira n'kufewa pa madigiri pafupifupi 45.

Palinso liquid metal, chitsulo chamadzimadzi chopangidwa ndi gallium, indium ndi tin, chimene chimadutsitsa kutentha kuposa paste iliyonse. Sony inachiika mu PlayStation 5 mu 2020, koma inamanga chotchinga chapadera kuzungulira purosesa kuti chisatayike. Chimadutsitsa magetsi, ndiye kadontho kamodzi pa motherboard kangathe kupha makina onse, komanso gallium amadya aluminiyamu mpaka kufumbutuka. Pa laputopu imene ikukwera basi ku Park Station kupita ku Blantyre kapena ku Mzuzu, kugwedezeka masiku awiri kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, sindingalangize zimenezi.

Laputopu yotumiza kumudzi ndi yofunika kuitsegula isananyamuke, poti kumene ikupita mwina wokonza ali kutali ndipo paste yodalirika siipezeka msanga. Ichotsedwe fumbi, iikidwe paste yatsopano, iyesedwe pa ntchito yolemera kwa mphindi 15 kapena 20 mukuyang'ana manambala. Ngati kuno ikufika kale madigiri 90 m'chipinda cha madigiri 22, kumbukirani kuti ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu October ndi November kunja kumapitirira madigiri 40, ndipo madigiri owonjezerawo adzakwera onse pa purosesa. Yoteroyo ndi yofunika kuionanso fani ndi mapaipi ake, kapena kuichepetsa mphamvu mu Power Options ya Windows, isanalowe m'katoni.